Kodi munthu wosaona angayambire pati masewera oyendetsa ndege pakompyuta?

Mlendo Watsopano analemba kuti:

Moni nonse. Ndine munthu wosaona, ndipo ndimagwiritsa ntchito kompyuta ya Windows mothandizidwa ndi NVDA, pulogalamu imene imandiwerengera zolembedwa. Masewera amene ndakhala ndikusewera mpaka pano ndi ang'onoang'ono omvera ndi khutu, koma mtima wanga uli pa ndege. Ndamva kuti alipo anthu osaona amene amanyamuka ndi ndege zikuluzikulu zonyamula anthu pakompyuta, kuuluka nazo kwa maola angapo, n'kukatera nazo bwinobwino pabwalo lina popanda wowagwira dzanja, ndipo ndikufuna kudziwa ngati zimenezi n'zoona kapena n'zokokomeza chabe.

Ngati n'zoona, ndikupempha amene munayamba kale kuti mundiunikire. Ndiyambe ndi pulogalamu iti? Kodi m'pofunika kugula joystick, kachipangizo kokhala ngati ndodo kowongolera ndege ndi dzanja, tsiku loyamba lomwelo, kapena kiyibodi ingakwane? Kompyuta yanga si yamphamvu kwenikweni, ndiye ndikuopa kutaya nthawi ndi chinthu chimene sichingayende. Koma chimene chikundisowetsa mtendere kwambiri ndi ichi: munthu amene sakuona pawindo amadziwa bwanji kumene ndege yaloza, kutalika kumene yafika, ndiponso ngati yapendekeka kapena ili chilili? Zikomo kwambiri.

Kadzidzi analemba kuti:

Takulandirani a Mlendo. Zimene munamvazo n'zoona, ndipo n'zotheka chifukwa ngakhale oyendetsa ndege enieni sadalira maso awo nthawi zonse. Ndege ikalowa mumtambo, kapena ikamauluka usiku pamwamba pa nyanja, woyendetsa saona kanthu kunja, choncho amakhulupirira zipangizo zimene zimamupatsa manambala: liwiro, kutalika kuchokera pansi, mbali imene mphuno ya ndege yaloza, ndiponso msanga wa kukwera kapena kutsika kwake. Nambala ndi chinthu chimene kompyuta ingathe kutchula mokweza, ndipo khomo lathu lolowera ndi limenelo.

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi ya masewera amene anapangidwira anthu osaona kuyambira pachiyambi. Odziwika kwambiri pa ndege zonyamula anthu ndi Eurofly, amene anachokera ku Slovakia, ndipo kwa okonda ndege zankhondo kuli Three-D Velocity. M'masewera otere chilichonse chimalankhula kapena chimalira, ndipo mungawaike pakompyuta nokha popanda kupempha munthu woona.

Njira yachiwiri ndi ya mapulogalamu amene anthu oona amagwiritsa ntchito, monga Microsoft Flight Simulator X wa mu 2006, amene anadzatulukanso mu 2014 pa Steam, malo ogulitsira masewera pa intaneti, Prepar3D wa kampani ya Lockheed Martin, ndi Microsoft Flight Simulator wa mu 2020. Amenewa paokha sakuuzani kanthu za mmene ndege ikuulukira, chifukwa zipangizo za m'chipinda cha woyendetsa ndi zithunzi chabe, ndipo NVDA ikafika pa chithunzi imangokhala chete. Pamafunika zinthu zina ziwiri zolumikizira. China ndi FSUIPC, kapulogalamu kamene kamatulutsa manambala a ndege kuchokera mkati mwa masewera kuti mapulogalamu ena awaone. China ndi Talking Flight Monitor, imene ambiri timangoti TFM, yomwe imatenga manambalawo n'kuwapereka kwa NVDA. Mumadina batani loitanira, kenako chilembo chimodzi, ndipo mumamva liwiro kapena kutalika nthawi yomweyo. Ilinso ndi kamvekedwe kamene kamasintha ndege ikaweramitsa kapena kudzutsa mphuno, ndiponso ikapendekera kumanja kapena kumanzere, choncho mahedifoni omveka bwino mbali zonse ziwiri ndi ofunika kuposa joystick.

Ine ndikanati muyambe ndi Eurofly, chifukwa mudzakhala muli m'mwamba tsiku lomwelo m'malo molimbana ndi kulumikiza mapulogalamu atatu. Ndipo pamene mukusewera, lowetsani m'mutu manambala amene mudzakumana nawo pafupifupi kulikonse kumene mungapite. Kampasi ya ndege ili ndi madigiri 360: kumpoto ndi 360, kum'mawa ndi 090, kum'mwera ndi 180, kumadzulo ndi 270. Nambala ya msewu wonyamukira ndege imachokera pomwepo atachotsa nambala yomalizira, choncho msewu 27 waloza chakumadzulo, ndipo msewu womwewo mukaulowera mbali inayo umatchedwa 09. M'mayiko ambiri kutalika amayeza m'mapazi, osati m'mamita, ndipo liwiro amayeza mu ma knot, pamene knot imodzi ndi makilomita 1.852 pa ola. Munthu amene akamva kuti 240 amadziwa msanga kuti waloza pakati pa kum'mwera ndi kumadzulo, koma chakufupi ndi kumadzulo, ndiye kuti wadutsa kale gawo lalikulu la sukuluyi.

Za joystick, musafulumire kugula. Mu Flight Simulator X, F1 mpaka F4 ndi mabatani a mphamvu ya injini, F5 mpaka F8 ndi a ma flap, zigawo za kumbuyo kwa mapiko zimene amazitsitsa ponyamuka ndi potera, G amakweza ndi kutsitsa matayala, Z amayatsa autopilot, makina oyendetsa ndege okha, ndipo P amaimitsa masewera onse kuti mupume ndi kuganiza. Batani lomalizali mudzalikonda kuposa onse.

Namzeze analemba kuti:

Moni a Mlendo. Zimene a Kadzidzi afotokoza pa manambala ndikugwirizana nazo zonse, koma pa nkhani ya poyambira ndisiyana nawo mwaulemu. Eurofly ndi masewera abwino, ndipo amaphunzitsa bwino malo a mayiko ndi mizinda, koma m'kuona kwanga kauluke kake anakapeputsa kuti kakhale kosavuta, moti munthu amene cholinga chake n'kudzayendetsa Boeing 737 monga mmene amachitira anzathu oona adzayambiranso pachiyambi akadzasamuka. Inu mwanena poyera kuti mtima wanu uli pa ndege zikuluzikulu, ndiye ine ndikuti pitani kumeneko mwachindunji.

Kompyuta isakuopseni. Chimene chimalemetsa masewera amenewa ndi zithunzi za mitambo, mitengo, nyumba ndi mithunzi, zinthu zimene ife tilibe nazo ntchito, choncho mukhoza kuzitsitsa zonse mpaka pansi popanda kutaya kanthu. Flight Simulator X anapangidwira makompyuta a nthawi ya 2006, ndipo makompyuta ambiri a masiku ano amamunyamula mosavutikira. Wa mu 2020 uja ndi wolemera kwambiri, amadya malo ambiri, ndipo amakoka zithunzi za dziko pa intaneti pamene mukuuluka.

Tsopano ndinene chimene chimadabwitsa ambiri. Anthu oona amalangizana kuti ayambe ndi kandege kakang'ono ka Cessna 172, chifukwa n'kosavuta: kamanyamuka pa liwiro la ma knot pafupifupi 55, kamakwera pa 75, ndipo kamayandikira kutera pa 65. Koma kuphweka kwakeko n'kwa munthu amene akuona pamene thambo lakumana ndi dziko, n'kumawongola kandegeko pang'onopang'ono ndi dzanja mosaganizira n'komwe. Ife timafunika kufunsa nambala iliyonse payokha, ndipo pamene mukufunsa liwiro, phiko limodzi limakhala litagwa kale. Ndege yaikulu ndi yosiyana, chifukwa anaipanga kuti iziyenda ndi manambala. Ili ndi kompyuta yakeyake yotchedwa FMC, mmene mumalembamo njira yonse, kulemera kwa ndege ndi kutalika kumene mukufuna kuulukira. Mukanyamuka n'kuyatsa autopilot, batani la LNAV limatsata njirayo ndipo la VNAV limayang'anira kukwera ndi kutsika. Ntchito yanu imakhala yolamula, kumvetsera ndi kutsimikiza kuti zimene mwalamulazo zikuchitikadi, ndipo ntchito imeneyo munthu wosaona amaigwira mofanana ndi wina aliyense. TFM imatha kuwerenga zolembedwa pa FMC ndi mabatani a ndege za kampani ya PMDG, monga 737 yawo, n'chifukwa chake osaona ambiri amathera pa ndege imeneyo.

Njira ya ulendo simuyenera kuilingalira nokha. SimBrief imakukonzerani: mumalemba bwalo lonyamukira ndi lofikira pogwiritsa ntchito zilembo zinayi za ICAO zoimira dzina la bwalo, monga EGLL pa Heathrow ku London kapena KJFK pa bwalo la Kennedy ku New York, ndipo imakupatsani njira, mafuta ofunika ndi kutalika koyenera, zonse m'malemba amene NVDA imawerenga.

Sindikubisirani zovuta zake. Tsiku loika mapulogalamu n'lotopetsa, ndipo ngati pali munthu woona amene angakhale nanu kwa ola limodzi kapena awiri, mulandireni ndi manja awiri. Pamene palibe, NVDA ili ndi luso lozindikira malemba amene ali m'chithunzi mukadina batani la NVDA pamodzi ndi R, ndipo nthawi zambiri limakuthandizani kupeza pamene muyenera kudina. Vuto lina ndi kuyendetsa ndege pansi kuchokera pamene akwerera anthu kukafika pamsewu wonyamukira, chifukwa timisewu ta pabwalo amatitsata poona mizere yachikasu ndi zikwangwani. Poyamba ingosankhani kuti masewera akuikeni pamsewu wonyamukira injini zili zoyaka kale.

Mlendo Watsopano analemba kuti:

Zikomo kwambiri a Kadzidzi ndi a Namzeze. Sindinkayembekezera kumva kuti ndege yaikulu ingakhale yosavuta kuposa yaing'ono, koma mmene mwafotokozeramo zikumveka. Kunyamuka ndi kuuluka ndayamba kuzimvetsa, koma kutera kukadandizunguza mutu. Msewu woterapo ndi kachinthu kopapatiza kwambiri poyerekeza ndi mtunda umene ndege yauluka, ndiye munthu amaulunjika bwanji osauona, ndipo amadziwa bwanji nthawi yoyamba kutsika? Ndamvanso kuti pali malo pa intaneti pamene anthu enieni amakhala olondolera ndege n'kumalankhula ndi oyendetsa pa wailesi. Kodi amatilandira ife kumeneko?

Mphungu analemba kuti:

A Mlendo, funso lanu la kutera ndilo pagona nkhani, ndipo ndiyesetsa kuliyankha mwatsatanetsatane. Ine ndimaona, koma ndimaulukira limodzi ndi anzathu osaona pa intaneti, ndipo njira imene amateramo ndi yomweyo imene ndimagwiritsa ntchito kukakhala chifunga.

Mabwalo akuluakulu ali ndi chipangizo chotchedwa ILS, chimene chimaponya zizindikiro ziwiri za wailesi kuchokera pamsewu woterapo. Chimodzi, chotchedwa localizer, chimauza ndege ngati yapatukira kumanja kapena kumanzere kwa mzere wapakati pa msewu. Chinacho, chotchedwa glideslope, chimaiuza ngati yakwera kwambiri kapena yatsika kwambiri poyerekeza ndi kanjira kotsetsereka ka madigiri pafupifupi 3 kamene kamakathera kumayambiriro kwa msewuwo. Msewu uliwonse wokhala ndi ILS uli ndi nambala yake ya wailesi, pakati pa 108 ndi 112 MHz, ndipo mukaitchera pa wailesi ya ndege n'kudina batani la APP, autopilot imagwira zizindikiro ziwirizo n'kumazitsata yokha. TFM imakuuzani mmene mwapatukira, choncho mumadziwa ngati ndege yagwiradi kapena yadutsa.

Pali masamu ochepa amene amakuthandizani kutsimikiza kuti makina sakukunamizani. Pa kanjira ka madigiri 3, ndege imatsika mapazi pafupifupi 300 pa mailo imodzi ya panyanja, choncho mukamva kuti kwatsala mamailo 10 muyenera kukhala pa mapazi pafupifupi 3,000 pamwamba pa bwalo, ndipo pa mamailo 5 mukhale pa 1,500. Msanga woyenera wa kutsika mumaupeza pochulukitsa liwiro lanu kasanu: Boeing 737 imayandikira msewu pa ma knot pafupifupi 140, ndiye iyenera kumatsika mapazi pafupifupi 700 pa mphindi. Mukamva kuti ikutsika 1,500 pa mphindi muli pafupi ndi nthaka, china chake chalakwika, ndipo chanzeru n'kuwonjezera mphamvu, kukweranso, n'kukayambiranso. Oyendetsa enieni amachita zimenezo mosachita manyazi.

Nthawi yoyamba kutsika kuchokera m'mwamba FMC imaiwerengera yokha, koma mungaitsimikize motere: pa mapazi 1,000 alionse ofunika kutsika, perekani mamailo atatu. Ndege imene ili pa mapazi 35,000 iyambe kutsika kukadali mamailo oposa 100, ndipo muwonjezerepo pang'ono kuti ipeze mpata wochepetsa liwiro, popeza m'mayiko ambiri ndege siloledwa kupitirira ma knot 250 ikakhala pansi pa mapazi 10,000. Musaiwalenso kutchera chipangizo choyezera kutalika. Chimadalira kulemera kwa mpweya, ndipo m'mwamba ndege zonse zimatchera 1013, koma poyandikira bwalo mumaika nambala ya pamalopo yotchedwa QNH. Mukaphonya ndi 10 yokha, chipangizocho chimakunamizani ndi mapazi pafupifupi 300, ndipo kwa munthu amene akudalira nambala yokha kusiyana kumeneko n'kokwanira kugwetsa ndege. Mu Flight Simulator X batani la B limakutcherani.

Masekondi omalizira ndi osangalatsa kwambiri kwa womvera ndi khutu, chifukwa ndege zikuluzikulu zimalankhula zokha. Mawu a makina amatchula kutalika m'Chingelezi, 50, 40, 30, 20, 10, ndipo mpata wa pakati pa manambalawo umakuuzani ngati mukutsika modekha kapena mukugwa. Pa 737, mukatchera ILS pa mawailesi onse awiri n'kuyatsa ma autopilot onse awiri, ndege imadzutsa mphuno yokha pa mapazi pafupifupi 50, imachepetsa mphamvu, ndipo imagunda pansi bwinobwino. Koma dziwani kuti pa ma 737 ambiri ntchito ya autopilot imathera pomwe matayala agunda. Kutembenuza mphamvu ya injini kuti ithandize kuimitsa ndege ndi kusunga ndegeyo pakati pa msewu n'kwanu, ndipo mumachita zimenezi pomvetsera nambala ya kampasi n'kumaibwezera pa nambala ya msewuwo. Apa ndi pamene joystick yopotokola imayamba kuoneka phindu lake, chifukwa kiyibodi imakhotetsa mogwedeza. Tcherani mabuleki odzigwira okha musanayambe kutsika kuti manja asachulukidwe ntchito.

Za olondolera ndege, malo amene mwamvawo ndi VATSIM, imene inayamba mu 2001, ndipo palinso ina yotchedwa IVAO. Onse amene amagwira ntchito kumeneko ndi ongodzipereka. Mumalumikiza masewera anu ku VATSIM ndi pulogalamu ya vPilot, ndipo mungathe kulankhula ndi mawu kapena kulemba. Osaona alipo ndipo amauluka nafe. Polemba ndondomeko ya ulendo pali malo a ndemanga, ndipo ndi bwino kulembamo kuti ndinu woyendetsa wosaona, kuti wolondolera asakuuzeni kuti mutsate ndege imene ili patsogolo panu kapena kuti munene mukauona msewu. Mungathenso kupempha kuti azikuuzani pokhotera paliponse pamene mukuyenda pansi, ndipo pakakhala kuti ntchito sinawachulukire amachita mokondwa.

Komabe musathamangireko. Malangizo a a Namzeze oyambira pamsewu wonyamukira ndi abwino mukakhala nokha, koma pa VATSIM n'zoletsedwa kulumikiza muli pamsewu umenewo, chifukwa mwina ndege ina ikutera pomwepo. Batani la P limene a Kadzidzi alitamanda simungalidine mwachisawawa muli pansi pa wolondolera. Zokambirana zonse ndi za m'Chingelezi cha pa wailesi, chachidule ndiponso chothamanga, chokhala ndi kalembedwe ka Alfa, Bravo, Charlie, ndipo lamulo lililonse lofunika mumalibwereza kuti wolondolera atsimikize kuti mwamva. Vuto lenileni kwa inu lidzakhala lakuti NVDA, injini ndi wolondolera zonse zikulowa m'makutu omwewo nthawi imodzi, choncho tsitsani phokoso la injini kwambiri. Yambani ndi kuimika ndege pamalo okwerera anthu pabwalo lotanganidwa, tcherani wailesi, n'kumangomvetsera mmene ena akuyankhulirana. Kenako ulukani m'dera limene mulibe wolondolera, kumene oyendetsa amangouzana okha, nthawi zambiri pa nambala ya wailesi ya 122.800.

Kadzidzi analemba kuti:

A Mphungu afotokoza bwino moti palibe chowonjezera pa kutera. Pa zimene ananena a Namzeze, ndikuvomereza kuti ndege yaikulu imatikomera kuposa Cessna, koma ndikadaumirirabe kuti munthu amene sanamvepo kusiyana kwa 090 ndi 270 akakumana ndi masamba a FMC tsiku loyamba akhoza kugwa ulesi asanalawe kukoma kwake. Inu a Mlendo mukudzidziwa nokha, ndiye muone ngati ndinu munthu wopirira pa kuwerenga malangizo aatali kapena wofuna kumva injini ikulira msanga.

Njira iliyonse imene musankhe, tengani ulendo umodzi waufupi, wosakwana ola, pakati pa mabwalo awiri okhala ndi ILS, ndipo muziubwereza womwewo mpaka manambala ake akhazikike m'mutu. Ikani nyengo yopanda mphepo, chifukwa mphepo yowomba cham'mbali imakankha ndege pamsewu ndipo mudzaganiza kuti mwalakwitsa inu. Lembani mndandanda wa zochita zanu, kuyambira ma flap, mabuleki mpaka nambala ya ILS, m'fayilo imene mungaitsegule mutaimitsa masewera. Sunganinso ulendowo pamene kwatsala mamailo 20 kuti mufike, kuti muzitha kuyeserera kutera kokha popanda kuulukanso njira yonse.

Chomaliza, musanagule ndege iliyonse yowonjezera, werengani malangizo a TFM kuti mutsimikize kuti ndegeyo ndiponso mtundu wa masewera amene muli nawo zikugwirizana nayo. FSUIPC nayonso ili ndi mitundu yosiyana: ya Flight Simulator X ndi FSUIPC4, pamene ya masewera a mu 2020 ndi FSUIPC7, ndipo mukaika yolakwika TFM imangokhala duu osatchula nambala iliyonse.